Zilembo zikasanduka timabokosi, osathamangira kunyoza printa

Aphunzitsi amene amatayipa mayeso kumapiri a Ntchisi ndi Dowa n'kukasindikiza pa Mponela kapena pa Ntchisi boma amalidziwa vutoli. Pa laputopu zonse zinali bwino, koma pepala potuluka mizere yasuntha, ndipo pa dzina loti Malaŵi pakhala kabokosi pakati. Wapashopu amafulumira kunena kuti ndi vairasi ya mu fulashi. Nthawi zambiri si vairasi, ndiponso printa ilibe mlandu.

Kompyuta sisunga chilembo monga timachionera ife. Imasunga nambala. Pa ndondomeko ya Unicode, yomwe inayamba mu 1991, chilembo chilichonse chili ndi nambala yake: ŵ wamng'ono ndi 0175, wamkulu ndi 0174. Ntchito ya fonti ndi kujambula nambalayo kuti ioneke. Fonti ikakhala kuti ilibe chithunzi cha chilembocho, imangoika kabokosi, kapena Word imabwereka chilembo ku fonti ina, n'chifukwa chake ŵ nthawi zina amaoneka wonenepa kapena wopendama pakati pa anzake.

Times New Roman, Arial ndi Calibri zonse zili naye ŵ. Zovuta ndi mafonti okongoletsa aja otengedwa ulere pa intaneti, okondedwa pa makadi a ukwati ndi chinkhoswe. Ambiri anapangidwira Chingerezi chokha, ndipo ŵ, yemwe kunja kuno amapezekanso m'chinenero cha ku Wales, sanamuganizire.

Zikatuluka motere, MalaÅµi, nkhani ndi ina. Apa fonti ili bwino, koma fayilo inasungidwa mwa UTF-8, momwe ŵ amatenga mabayiti awiri, ndipo pulogalamu ina yawerenga bayiti iliyonse ngati chilembo pachokha. Zimachitika kawirikawiri ndi mndandanda wa mayina wa CSV ukatsegulidwa mu Excel. Musasunge fayiloyo pamenepo. Itsekeni, muilowetsenso mutasankha UTF-8. Koma pamene pakhala chizindikiro cha funso, chilembocho chinatayika posunga, ndipo palibe kuchitira mwina, muyenera kuchilembanso. Mu Word lembani 0175 kenako dinani Alt ndi X pamodzi.

Kusuntha kwa mizere kumabwera chifukwa fonti simayenda ndi fayilo ya Word mu fulashi. Imatsala m'kompyuta yanu, ndipo ya pashopu ikakhala kuti ilibe fontiyo, imaikapo ina yosiyana m'lifupi. Mayeso a masamba anayi amafika asanu, ndipo tsamba lililonse n'ndalama. Mankhwala ake ndi kusunga ntchitoyo ngati PDF musananyamuke, popeza PDF imanyamula fonti mkati mwake. Ikavutabe pa printa, mu Adobe Reader muli Print as Image, yomwe imatumiza tsamba ngati chithunzi.

Ena atatopa amangochotsa kachipewako n'kulemba w wamba, ndipo manyuzipepala ambiri anatero kale. Ine ndikuona kuti pa kalata ya tsiku ndi tsiku palibe cholakwika. Koma wokopera ndime ya mu Buku Loyera la 1998, lomwe limalemba ŵ, asasinthe kalembedwe chifukwa cha fonti yoperewera. Asinthe fontiyo.

Ndipo inu ochokera ku Malomo, Nthondo kapena Mvera, uzani wapashopu ayambe watulutsa tsamba limodzi, muliwerenge muli pomwepo, asanasindikize makope 200.