Chisanu cha ku Ntcheu: chifukwa chiyani khungu limatuwa ndi kung'aluka?

Kuyambira mwezi wa Meyi mpaka Ogasiti, aliyense wodutsa pamsewu wa M1 pakati pa Lilongwe ndi Blantyre amamva kusintha kwa mphepo akafika m'boma la Ntcheu. Pamsika wa Lizulu ndi pamphambano ya ku Tsangano, amalonda a kabichi ndi mbatata ya kachewere amalawirira mmamawa atafunda zitenje ndi majekete, koma manja, milomo ndi zidendene zimakhala pamtetete. Pofika Juni ndi Julayi, ambiri khungu limakhala litatuwa mbuu, milomo itasweka, zikang'a zitayamba kupweteka.

Ntcheu amazizira chifukwa cha kukwera kwa malo. Mbali ya kumadzulo kwa bomali, kumalire ndi Mozambique, ili pamwamba pa mapiri a Kirk Range, ndipo mpweya umazizira ndi madigiri pafupifupi 6.5 pa mamita 1,000 aliwonse amene munthu wakwera. N'chifukwa chake wa ku Tsangano amanjenjemera pomwe wa kuchigwa cha Bwanje akungomva kamphepo. Nthawi zina kumabweranso chiperoni, mphepo yankhungu yochokera kummwera chakummawa, yomwe dzina lake lidachokera ku phiri la Chiperone ku Mozambique.

Komabe chimene chimawononga khungu kwenikweni ndi kutha kwa madzi ake. Pamwamba pa khungu pali kachikopa kopyapyala komatidwa ndi mafuta achilengedwe, ndipo ntchito yake ndi kutsekereza madzi kuti asatuluke m'thupi. Mpweya wozizira umasunga chinyezi chochepa, choncho umayamwa madzi a pakhungu, ndipo mphepo ikamaomba madziwo amauma msanga. Kachikopa kaja kakauma kamayamba kufundukuka timamba toyera. Pakhungu lakuda timambato timaoneka kwambiri, ndiye kutuwa kumene anthu amadandaula.

Zambiri zimene anthu amachita pothawa chisanu zimakulitsa vutoli. Madzi osamba otentha kwambiri amasungunula mafuta a pakhungu monga momwe amachotsera mafuta m'mbale. Sopo wochapira zovala, yemwe mabanja ambiri amasambiranso, ndi waukali kuposa sopo wosambira. Kuwotha moto wa nkhuni kapena mbaula pafupi kwambiri tsiku ndi tsiku kumasiya mawanga akuda m'miyendo, omwe amachedwa kutha. Nawo alimi a kudimba, amene amathirira mbewu ndi kutsuka mbatata m'madzi ozizira, manja awo amanyowa ndi kuuma kangapo patsiku mpaka kung'aluka.

Kuteteza khungu sikulira ndalama zambiri. Madzi osamba akhale ofunda chabe ndipo munthu asakhalitse kubafa. Akamaliza adzipukute mosakhula, kenako adzole mafuta khungu lisanaumiretu, pakuti mafuta ngati Vaseline sapatsa khungu madzi, amangotsekera madzi amene alipo kale. Wodzola pakhungu louma kale amanyezimira kwa kanthawi, kenako amatuwanso. Glycerine amakoka chinyezi, motero amathandiza kwambiri akasakanizidwa ndi madzi pang'ono kapena mafuta ena odzola. Makolo akale ankadzola mafuta a nsatsi pa cholinga chomwecho.

Milomo isanyambitidwe, chifukwa malovu akauma amasiya milomo youma kuposa poyamba. Ndi bwino kupakapo Vaseline pang'ono. Wa zikang'a aviike mapazi m'madzi ofunda madzulo, akweche pang'onopang'ono ndi mwala wosalala, adzole mafuta ambiri ndi kugona atavala masokosi. Kudula chikopa cholimbacho ndi lezala n'koopsa, popeza kumatsegula chilonda.

Pali ena ofunika kusamala mwapadera. Munthu wodwala shuga sachedwa kuchita dzanzi kumapazi, ndipo mng'alu waung'ono ungasanduke chilonda chosapola iye osamva ululu, kotero ayenera kuyang'ana mapazi ake tsiku lililonse. Anthu achialubino asasiye kudzola mafuta oteteza ku dzuwa ndi kuvala chipewa chachikulu ngakhale kuli mitambo, chifukwa cheza cha dzuwa chimaboola mitambo ndipo chimakula mphamvu kumalo okwera. Amene amadzola mafuta oyeretsa khungu adziwe kuti ambiri mwa mafutawo ali ndi mankhwala opyapyalitsa khungu, zomwe zimachititsa kuti lizing'aluka mosavuta. Ana aang'ono ndi odwala khunyu asasiyidwe okha pamoto, ndipo mbaula ya makala isagone m'chipinda chotseka, chifukwa mpweya wake umapha munthu ali m'tulo.

Si kuyabwa kulikonse kumene kumadza ndi chisanu. Ngati kuyabwako kukukula usiku, kuli pakati pa zala ndi m'chiuno, ndipo ena m'nyumbamo akudzikandanso, mwina ndi mphere, zomwe Vaseline sangachize. Chimodzimodzi mng'alu ukatupa, kutentha kapena kutuluka mafinya, kaya khungu likapitirira kusweka patatha milungu iwiri munthu akudzola mafuta, ndi nthawi yopita kuchipatala chaching'ono chapafupi kapena chachikulu cha boma pa Ntcheu.