Mpanda wa pamsewu usaiwale wa njinga yamoto

Mu 1998 dziko la Sweden lidayamba kuika mpanda wa zingwe zachitsulo pakati pa misewu, kuyambira pa E4 kumpoto kwa Gävle. Galimoto zowombana maso ndi maso zidachepa zedi. Komatu walira mvula walira matope. Wa galimoto amatetezedwa ndi chitsulo. Wa njinga yamoto akagwa amakhwekhwereka pa phula mpaka thupi kukamenya nsanamira za mpandawo. Oyendetsa njinga atadandaula, Norway mu 2006 idaleka kuika zingwe zatsopano, pomwe Spain imatchinga nsanamira ndi chitsulo chosalala m'malo okhota.

Ine ndikuti abale, misewu yathu ikukula, akabaza nawonso achuluka. Omanga mipanda akumbukire mnyamata wonyamula mayi ndi dengu la tomato uja.