Kabuleta yaikulu si mphamvu ayi

Alimi ambiri a m'chigwa cha Shire amadalira mapikapu akale a petulo, monga Nissan 1400 ndi Toyota Hilux, ponyamula thonje ndi mbuzi kupita ku Ngabu, Nchalo ndi Blantyre. Injini ikabooledwa pang'ono, ena amathamangira kugula kabuleta yaikulu poganiza kuti galimoto iwonjezera mphamvu. Chenjerani!

Kabuleta imakoka petulo chifukwa cha liwiro la mpweya wodutsa pakhosi pake. Khosilo likakula mopitirira, mpweya umayenda mofooka, petulo sasakanikirana nawo bwino, ndipo galimoto yodzaza katundu imatsamwa pa chikweza cha ku Thabwa.

Injini ya malita 2 yozungulira ka 5,000 pa mphindi imameza mpweya pafupifupi malita 4,000, kapena kuti 140 cfm pa muyeso wa makabuleta. Ya malita 1.4 imangofuna 100 cfm. Kuboola pang'ono sikusintha kwenikweni manambalawa.

Kumbukiraninso kuti Blantyre ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,000. Mpweya wa kumeneko ngopepuka, choncho injini yochunidwa kuchigwa imamwa petulo wopyola muyeso ikafika kumtunda.

Musanagule kanthu, uzani makaniko wanu ayambe waona majeti, mapulagi ndi sefa ya mpweya, imene fumbi lathu lino limatseka msanga. Ndalama ya thonje isathere pa petulo.