Kugwiritsa Ntchito Zida Zoyendera Mpweya Mopewa Ngozi

Zida zoyendera mpweya ndi zimene zimalumikizidwa ku kompresa ndi payipi, monga chomasulira manati a matayala a ngolo ndi thirakitala, chopopera matayala, chopopera penti, chokhomera misomali ndi girayinda. Zimapeputsa ntchito pa garaja, pa chigayo kapena pa shedi ya gulu lanu. Mfundo yaikulu ya phunziro lino ndi yakuti kuzimitsa kompresa sikuchotsa ngozi. Mpweya wotsala m'thanki ndi m'payipi umakhalabe ndi mphamvu, ndipo chida chikhoza kuzungulira kapena kuwombera msomali mpaka mpweyawo mutautulutsa.

Mphamvu ya mpweyawu

Zida zambiri zam'manja zimagwira ntchito pa 6 bar, kapena 90 psi pa geji. Tayala la galimoto yaing'ono limapopedwa pakati pa 2 ndi 2.5 bar. Choncho mpweya wa m'payipi umaposa wa m'tayala pafupifupi katatu. Mphamvu yotere ikhoza kuwononga diso, kuboola m'kati mwa khutu, kapena kulowa pa bala n'kufika m'mitsempha ya magazi. Ukalozetsedwa kumatako, ngakhale munthu atavala, ukhoza kung'amba matumbo. N'chifukwa chake musamadzipemerere gaga kapena fumbi pa zovala ndi payipi, ndipo musamasewere nayo ndi mnzanu. Gwiritsani ntchito bulashi kapena tsache.

Musanayambe

1. Yang'anani payipi yonse. Yong'aluka kapena yofufuma isinthidwe. Musaimange ndi mphira wa chubu kapena waya, chifukwa ikasomphoka imakwapula uku ndi uku ngati chikoti.
2. Musayendetse mpweya m'mapayipi a pulasitiki a madzi, aja a PVC. Akaphulika amamwaza zidutswa zakuthwa.
3. Ikani geji pa mlingo wolembedwa pa chidacho. Kuonjezera mpweya kumazunguliritsa girayinda mopyola muyeso ndipo mwala wake ukhoza kusweka.
4. Pa chomasulira manati ikani soketi zopangidwira chidacho, zimene nthawi zambiri zimakhala zakuda. Zonyezimira za sipanala yam'manja zimasweka.
5. Musalumikize chida ku silinda ya okosijeni ya owotcherera. Okosijeni akakumana ndi oyilo wa m'chida amayatsa moto ndi kuphulika.

Pogwira ntchito

Valani magalasi oteteza maso, ndipo aliyense amene waima pafupi avalenso. Tsekani makutu: ngati mukufuula kuti mnzanu amene ali pafupi akumveni, phokosolo likuwononga makutu, ndipo ugonthi wotere suchira. Mangani bwino chitenje, mpango ndi malaya kuti zisakodwe. Chala chisakhale pa choyatsira pamene mukuyenda, ndipo musanyamule chida pogwira payipi. Zala zikayamba dzanzi chifukwa cha kunjenjemera kwa chida, pumulani. Kompresa ya petulo kapena dizilo izilizidwa panja, popeza utsi wake umapha m'chipinda chotseka. Ana asayandikire.

Musanasinthe soketi kapena mwala, komanso musanachotse msomali wokanirira, tsekani valavu, tulutsani mpweya wotsala m'payipi, kenaka chotsani chida ku payipiyo.

Popopa matayala

Werengani mlingo wa mpweya woyenera tayalalo ndipo yezani ndi geji, osati ndi chala kapena kumenya ndi phazi. Gwiritsani ntchito chopopera chodzigwira chokha pa valavu, cha payipi yaitali, kuti muime patali, kumbali imene tayala limapondera pansi. Musawerame pamwamba pake kapena kulikhalira. Musawotcherere limu tayala lili pomwepo, ngakhale mutaliphwetsa.

Mukamaliza

Zimitsani kompresa ndi kutulutsa mpweya mpaka geji ifike pa 0. Tsegulani kampopi ka pansi pa thanki tsiku lililonse. Mpweya ukapanikizidwa umasiya madzi m'thanki, makamaka nyengo ya dzinja, ndipo madziwo amachititsa dzimbiri m'kati momwe simuona. Thanki yodyeka ndi dzimbiri musaiwotcherere, isinthidwe. Valavu yotulutsa mpweya ukachuluka musaimange kapena kuitseka, ngakhale izichita phokoso.

Ngozi ikachitika

Tsekani mpweya ku thanki poyamba. Payipi ikamakwapula musaigwire. Kanthu kakabaya m'diso kapena msomali ukalowa m'thupi musazule. Phimbani malowo ndi nsalu yoyera n'kuthamangira kuchipatala. Mpweya ukalowa m'thupi pitaninso msanga ngakhale bala lisakuoneka, ndipo muwauze achipatala chimene chachitika.

Zochita pa gulu

1. Pitani pa kompresa yapafupi ndi mlangizi wanu. Aliyense aloze geji, valavu yotsekera mpweya ndi kampopi kotulutsira madzi.
2. Zimitsani kompresa, muwerenge geji. Mwatsala mpweya wochuluka bwanji? Tsegulani kampopi, muone mtundu wa madzi otulukawo.
3. Gwirizanani: ndani azitulutsa madzi madzulo aliwonse, nanga ndalama zogulira magalasi ndi payipi yatsopano zichokera kuti?