Musanatsitse dishi pa denga, werengani bandulo

Mu Ogasiti 2023 kampani ya MultiChoice Africa idalengeza kuti ikuchotsa DStv m'Malawi muno, potsatira mkangano wake ndi bungwe la MACRA pa nkhani yokweza mitengo. Mlandu udayenda kukhoti ndipo DStv idabwerera chakumapeto kwa chaka chomwecho, koma miyezi yochepa ija idasiya funso m'makomo ambiri a ku Area 25, Chilomoni ndi Katoto: kodi dishi ili pa dengayi ndiyo njira yokhayo yoonera kanema? Mu Julayi chaka chomwecho Starlink idali itangoyamba kugwira ntchito m'dziko muno. Netflix idalipo kale kuyambira Januwale 2016, pomwe idatsegulira mayiko 130 tsiku limodzi. Chiyambireni mkangano wa DStv uja, aliyense wogula TV yatsopano amayamba wafunsa ngati imalowa pa intaneti.

Ku America, komwe chizolowezi chosiya TV yolipira pamwezi chidafala msanga, kanema amalowa m'nyumba kudzera pa chingwe, ndipo nyumba zambiri zili kale ndi intaneti yamphamvu yomwe amalipira kamodzi pamwezi. Malangizo ambiri a pa YouTube amalembedwera anthu otere, n'chifukwa chake amathera nthawi yonse kuyerekeza timabokosi tolumikizira TV ku intaneti. Kuno kwathu kabokosiko ndi nkhani yaing'ono. Nkhani yaikulu ndi bandulo, magetsi ndi ndalama zakunja, ndipo wogulitsa m'sitolo ku Limbe kapena ku Bwalo la Njobvu sadzakuuzani zimenezi mukapanda kufunsa.

Dikoda ili ngati mjigo wa m'mudzi: mukasonkha ya mwezi, mumatunga mmene mungathere. Kanema wa pa intaneti ndi madzi a pakiyosiki, ndowa iliyonse ili ndi mtengo wake. Malinga ndi Netflix yeniyeniyo, chithunzi wamba chimadya pafupifupi 1 GB pa ola, chithunzi chowala cha HD chimafika 3 GB, pomwe 4K imatha mpaka 7 GB pa ola limodzi. Tsono tengani banja lomwe limaonera maola atatu okha madzulo aliwonse. Pa chithunzi wamba ndi 90 GB pamwezi. Pa HD ndi 270 GB. Apa sitinawerengere Loweruka, pomwe ana amayamba makatuni m'mamawa, mayi n'kulandira ndi filimu za ku Nigeria masana, bambo n'kutsekera ndi mpira. Tengani nambala zimenezi, muzifanizire ndi mtengo wa bandulo wa Airtel kapena TNM womwe mumagula, kenako muyang'ane zomwe mumalipira pa dikoda. Mabanja ambiri odalira foni yokha adzapeza kuti dishi ikadali yotsika mtengo.

Choncho choyamba kusankha ndi msewu womwe kanemayo adzere. Kugawa intaneti ya pafoni kumathandiza tsiku limodzi, koma mwini foni akangotuluka kukagula chiwaya, pabalaza ponse pamada. Rauta yolowetsa simu khadi ndi yabwinopo chifukwa imakhala pamalo amodzi, makamaka mukaiika pafupi ndi zenera loyang'ana kunsanja ya netiweki. Komwe kwafika faiba, m'madera ena a m'mizinda, palibenso chokambirana. Starlink imagwira ngakhale kumudzi, koma zipangizo zake n'zodula poyamba ndipo nazo zimafuna magetsi osaduka. Mukamva kuti bandulo ndi yopanda malire, funsani kuti liwiro amalichepetsa mukafika pa ma GB angati, poti zambiri zotere zili ndi mpanda wobisika.

Liwiro lofunika silochuluka monga ena amaopsezera: 5 Mbps ikukwanira HD yabwino, 15 Mbps ikukwanira 4K. Chofunika n'kuyesa pa nthawi yoyenera. Netiweki yothamanga 10 koloko m'mawa ikhoza kukwawa 8 koloko usiku, dera lonse likabwerako kuntchito. Yesani madzulo, masiku angapo otsatizana, muli pampando womwe mumakhala poonera.

Msewu ukapezeka, m'pamene tikambe za chipangizo. Ngati TV yanu ili ndi kabowo kolembedwa HDMI kumbuyo, musathamangire kugula ina. Kachipangizo konga fulashi kapena kamtengo, monga Fire TV Stick ya Amazon kapena ka Xiaomi, kamailumikiza ku intaneti pa mtengo wochepa kwambiri poyerekeza ndi TV yatsopano. Chromecast ya Google idasiya kupangidwa mu 2024, ngakhale ikupezekabe m'masitolo ena. Ine ndimakonda timitengo timeneti kuposa mapulogalamu obwera kale m'kati mwa TV, chifukwa TV imakhala zaka zambiri pomwe mapulogalamu ake amakalamba msanga. Kamtengo kakatopa mumangosintha iko kokha.

Chenjerani ndi timabokosi topanda dzina lodziwika, tomwe amati tili ndi matchanelo zikwizikwi aulere moyo wanu wonse. Tambiri sitinavomerezedwe ndi Netflix, moti ngakhale pa katoni palembedwe 4K, chithunzi chake chimatuluka chosawala. Choopsa kwambiri n'chakuti tina timabwera ndi mapulogalamu oipa kuchokera kufakitale. Mu Juni 2025 bungwe la FBI ku America lidachenjeza anthu za zipangizo zotere, zomwe akuba amazigwiritsa ntchito kudzera pa intaneti ya m'nyumba mwanu inu osadziwa. Pa rauta yomweyo m'pamene mumalowera kubanki. Komanso matchanelo aulerewo amakhala akuba, zomwe lamulo la Copyright Act la 2016 limaletsa, ndipo amatha kuzima tsiku lililonse popanda woti mukamudandaulire.

Pali chinthu chimodzi chomwe chagwira dishi pa madenga ambiri, ndicho mpira. Masewero a English Premier League kuno amaonetsedwa ndi SuperSport, ndipo Netflix ilibe. Mukhoza kuwaonera pa intaneti kudzera pa DStv Stream, koma pamenepo mukulipira kawiri, tchanelo ndi bandulo, ndipo masewero amodzi a maola awiri akhoza kudya mpaka 6 GB pa HD. Kuwonjezera apo, chithunzi cha pa intaneti chimachedwa ndi timphindi tingapo. Aneba a dishi amakuwa kuti chigoli inu mpira ukadali pakati pa bwalo. Kwa munthu wosakonda mpira izi zikhoza kumveka zazing'ono, koma wotsatira Arsenal kapena Manchester United akudziwa kuwawa kwake.

Zakwathu n'zosavuta kupeza. MBC, Times, Zodiak ndi Mibawa zimaulutsa zambiri pa Facebook ndi YouTube, n'chifukwa chake Amalawi a ku Johannesburg, Dublin ndi London amatsatira maliro a anthu otchuka, misonkhano ya ndale ndi nkhani za Bullets ndi Wanderers ngati ali ku Ndirande. Kwa iwo intaneti ndiye khomo lokhalo. Koma kwa amene ali konkuno, kuthera bandulo pa nkhani za madzulo n'kutaya ndalama, pomwe dikoda ya Kiliye Kiliye kapena GOtv ikhoza kubweretsa mawailesi akwathu ndi kamlongoti chabe.

Kenako pali kalipiridwe. Dikoda mumalipira pa Airtel Money kapena Mpamba muli gone pamphasa. Netflix imafuna khadi ya kubanki yololedwa kugula kunja, ndipo bilu yake ndi ya ndalama zakunja. Kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa zonse zotere udadumpha usiku umodzi, ndipo kusowa kwa ndalama zakunja kumachititsa kuti makhadi ena azikanidwa. Funsani kubanki kwanu musanagule chipangizo chilichonse. Ubwino wake ngwakuti palibe pangano lokumangani: mukhoza kulipira Disembala ana ali patchuthi, n'kusiya Januwale fizi ikavuta.

Za magetsi tonse tidaphunzira mu 2022, namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira. Apa intaneti ikupambana pang'ono. Rauta ndi kamtengo ka pa TV zimadya moto wochepa woti kasola ndi batire zikhoza kukwanitsa, ndipo filimu yomwe mwakopera mu foni kapena tabuleti ndi bandulo yotchipa ya usiku imaonereka ngakhale dera lonse lili mumdima.

Lingaliraninso za omwe amatsala pakhomo. Agogo adazolowera kudina nambala imodzi pa rimoti n'kupeza mapemphero awo. Mukawapatsa chipangizo chofuna pasiwedi ndi kufufuza, mwawalanda TV. Ana nawo akasiyidwa okha ndi YouTube amafika kutali, choncho atsegulireni mbali ya ana, yanu muitseke ndi nambala yachinsinsi, ndipo zimitsani batani lomwe limayambitsa lokha filimu yotsatira.

Kwa banja wamba la m'tauni, ine ndingalangize kusakaniza: dikoda yotsika mtengo ya nkhani, mapemphero ndi mpira, kuphatikizapo kamtengo kamodzi ka dzina lodziwika ka mafilimu, chithunzi chake mutachitsitsa kufika pa wamba. Yesani mwezi wathunthu dishi ikadali pamalo pake, ndipo ndalama iliyonse ya bandulo muziilemba m'kope.