Nkhwangwa Yakuthwa Isunga Mitengo

Alimi ambiri a cimanga ndi fodya akumbukira nkhwangwa tsiku lokhalo limene aifuna. Mphanda ya cigafa ikathyoka, kapena nkhuni za m'balani zikatha, ndi pamene munthu apita kuseri kwa nkhokwe kukafuna nkhwangwa imene anaiponya kumeneko caka catha, naipeza yadzimbiri, yobuntha, ndi mpini wake wodyedwa ndi ciswe. Apita nayo kuthengo iri comweco, nataya tsiku lathunthu pa nchito imene ikadatha dzuwa lisanafike pamutu. Pano tifuna kuonetsa kuti nkhwangwa yosankhidwa bwino, yokwikidwa bwino ndi yonoledwa bwino isunga zinthu ziwiri: mphamvu za mlimi, ndi mitengo imene iye adzaifunanso m'zaka zirinkudza.

Tonse tidziwa kuti fodya adya mitengo. Ciyambire zaka za m'ma 1920, pamene ulimi wa fodya wa cikopa unafalikira ku Lilongwe ndi ku Dowa, nkhwangwa siinapumepo. Cikopa cifuna utsi wa nkhuni. Kampopi afuna moto wosazima usana ndi usiku pafupifupi mlungu wathunthu. Ndipo ngakhale bale, amene auma ndi mphepo cabe, afuna nsici, mphanda ndi mikangala. Cimanga naco cifuna nkhokwe. Cifukwa cake m'midzi yambiri nkhuni zicokera kutali tsopano, ndipo ena acita kugula. Mtengo wodulidwa bwino uphukanso, koma wokhapidwa-khapidwa ndi nkhwangwa yobuntha kawirikawiri ubvunda ndi kufa.

MITUNDU YA NKHWANGWA

Nkhwangwa imene tiidziwa tonse ndi ija ya makolo, yokhala ndi msuka wolowa m'ciboo ca kumutu kwa mpini. Makolo athu anali kuyenga okha citsulo cake, ndipo zotsalira za ng'anjo zao zioneka kufikira lero m'nkhalango ya Kasungu. Osula a masiku ano aisula ndi zitsulo za masipuling'i akale a galimoto, zimene ziri zolimba ndithu. Nkhwangwa iyi ndi yopepuka, ilowa kwambiri mumtengo, ndipo potema nayo msuka unka nulowerabe mumpini. Iyenera nchito ya kudula nsici, kusadza nthambi ndi kugwetsa mitengo yaing'ono.

Ina ndi ya kusitolo, imene mpini ulowa m'ciboo ca citsuloco. Ya mapaundi 4, ndiwo pafupifupi makilogalamu 2, yokhala ndi mpini wa masentimita 90, ikwanira kugwetsa bulugamu wamkulu ndi kuwaza zipika. Palinso kankhwangwa ka dzanja limodzi, ka paundi 1 kapena kupitirira pang'ono, kosongolera zikhomo ndi kukonzera mikangala. Musagule nkhwangwa yolemera koposa imene mungathe kutema nayo m'mawa wonse, pakuti munthu wotopa aphonya, ndipo nkhwangwa yophonya itsikira kumwendo. Ndiponso yakale musaitaye. Isungeni ikhale yodulira mizu pozula zitsa, cifukwa dothi ndi miyala ziononga kukamwa kwa nkhwangwa, ndiko kuthwa kuja kumene kudula.

KUYESA CITSULO POGULA

Musanapereke ndalama, citani zinthu zitatu. Coyamba, ipenyeni bwino padzuwa. Ikakhala ndi mng'alu, ngakhale waung'ono ngati tsitsi, isiyeni. Caciwiri, ipacikeni pa cingwe ndi kuigogoda ndi kacitsulo. Yabwino irira ngati belu, koma yong'aluka m'kati irira ngati mphika wosweka. Cacitatu, khudzani kukamwa kwake ndi tupa. Tupa akangoterereka osagwira konse, citsulo caumitsa, ndipo cidzabenthuka pa mtengo wolimba monga muwanga. Akadya mosabvuta monga adyera msomali, citsulo ncofewa, cidzapindika ndi kubuntha msanga. Cabwino ndi cija tupa acigwira, koma mobvutikira.

Kulimba kumeneku kucokera m'manja mwa wosula. Iye aotcha kukamwa kwa nkhwangwa kufikira kutafiira, nakuziziritsa mwadzidzidzi m'madzi kapena m'mafuta; atatero akufunditsanso pang'ono kuti kusakhale kophweka ngati galasi. Moto wina uli wonse wobwera pambuyo pake ufafaniza nchito yonseyi. Cotero lamulo loyamba la nkhwangwa ndi ili: kukamwa kwake kusalawenso moto, pokhapokha m'cipala ca wosula.

MPINI

Akulu anati nkhwangwa ikhulupirira mpini, ndipo sananame. Funani mtengo wolimba wosathyoka msanga, monga naphini kapena gwafa, woongoka ndi wopanda mfundo pakati. Mutu wa mpini wa nkhwangwa ya msuka ucokere pamene nthambi isiyana ndi thunthu, kapena patsinde pafupi ndi mizu, popeza pamenepo mitsempha ya mtengo yapiringizana ndipo siing'ambika wamba. Dulani mpini nthawi isanafike, muusende, ndi kuuika pamthunzi kufikira utauma, miyezi iwiri kapena itatu. Mpini wauwisi ufota pouma, ciboo cikula, ndipo nkhwangwa iguluka. Mlimi wanzeru asunga mipini iwiri youma patsindwi nthawi zonse.

Poboola ciboo ndi moto, nkwabwino kuotcha citsulo cina capadera. Mukafuna kuotcha msuka womwewo, kwirirani kukamwa kwa nkhwangwa m'dothi lonyowa kuti kutentha kusafikeko. Ciboo cicepe pang'ono kuposa msuka, kuti msukawo ukwane mwa kuukhomera.

Mpini wa nkhwangwa ya kusitolo useme pang'onopang'ono, ndi kumauyesa, kufikira utalowa mothina. Cekani kamng'alu kumutu kwake ndi sowo musanaulowetse, ndipo utalowa khomeranimo cikhomo ca mtengo wouma. Mpini ukathyokera m'ciboo, ambiri aponya nkhwangwa pamoto kuti cotsalaco cipse. Musatero ai, cikolokosoleni ndi cizulo kapena msomali waukulu. Ena, nkhwangwa ikayamba kugwedera, aibviika m'madzi usiku wonse. Kumeneku ndi kudzinyenga. Mtengo utupa nugwira tsiku limodzi, koma ukauma ugwedera koposa kale. Mankhwala ake ndi cikhomo catsopano kapena mpini wina.

KUNOLA

Panikizani nkhwangwa pacipika kuti isasunthe. Kankhani tupa kumka kutsogolo kokha, ndi kumnyamula pobwerera, cifukwa mano ake adya mbali imodzi. Yambani zala ziwiri kumbuyo kwa kukamwa ndi kumatsikira kunsonga, kuwerenga kuti mbali zonse ziwiri zilandire mofanana. Samalani zala zanu potero. Musapyapyalitse ngati lumo. Kukamwa kukhale kobulungira pang'ono kuti kukhale ndi mphamvu kumbuyo kwake. Nkhwangwa yogwetsera mitengo ikhale yopyapyala koposa yowazira nkhuni, popeza yowazira ikapyapyala ikanirira m'cipika. Tsirizani ndi mwala wonolera ndi madzi kufikira kaulusi ka citsulo kotsala kunsonga katacoka.

Mukanoletsa pa makina a kumsika, penyetsetsani. Citsulo cikasanduka cobiriwira, capsa ndipo cafewa pamenepo. Uzani wonolayo aziibviika m'madzi kawirikawiri.

Nkhwangwa yakuthwa idziwika ndi zibanthu zake. Itaya zibanthu zazikulu ngati cikhatho, koma yobuntha injanja pamtengo ndi kugwetsa tinyenyeswa. Tengani kamwala popita kuthengo. Kunola pang'ono m'mawa uli wonse kuposa kunola kwambiri kamodzi pacaka.

KAGWETSEDWE KA MTENGO

Musanateme, lambulani ziyangoyango ndi tinthambi tonse pozungulira ndi pamwamba panu, pakuti nkhwangwa ikakodwa m'mwamba ipatuka. Ana ndi onse oonerera aime kutali, utali wa mtengowo kawiri. Penyani kumene mtengo wapendekera ndi kumene mphepo irinkupita, ndipo konzeranitu njira yothawira.

Yambani kutema mbali imene mufuna kuti mtengo ugwere, kwina mocokera pamwamba, kwina mopingasa, kuti zibanthu zizituruka, kufikira mwalowa pafupi ndi pakati. Tsono pitani kuseri ndi kutema zala zitatu pamwamba pa bala loyambalo. Musadule mpaka mabala awiriwo akumane. Kamtengo kotsala pakati ndi kamene kaongolera mtengo pakugwa. Ukayamba kulira, cokani cam'mbali ndi cakumbuyo. Musaime kumbuyo kweni-kweni, cifukwa tsinde litha kubwerera ndi kukumenyani.

Posadza nthambi yambirani kutsinde kumka kunsonga, ndipo imani kuti thunthu likhale pakati pa miyendo yanu ndi nthambi imene mulinkudula. Powaza nkhuni ikani pansi cipika, nkhwangwa isafike m'dothi. Wina akatemeka, fwinyani balalo ndi nsaru yoyera kuti mwazi uleke, ndipo mumtengere kucipatala tsiku lomwelo, pakuti bala lolowa dothi litha kubweretsa kafumbata.

CITSA NDICO CUMA CA MAWA

Apa ndi pamene kuthwa kwa nkhwangwa kuonetsa phindu lake leni-leni. Bulugamu, malaina, kesha ndi mitengo yambiri ya m'thengo mwathu iphukanso pacitsa, ndipo mphukira zake zikula msanga koposa mbande cifukwa mizu iripo kale. Paini saphuka wamba. Koma kuti citsa ciphuke bwino pafunika zinthu zitatu.

Cikhale cacifupi, masentimita 10 kufikira 15 kucokera pansi, ngati cikhatho cimodzi. Kudula mtengo cam'ciuno cifukwa ca ulesi wa kuwerama kutaya nkhuni zonenepa koposa, ndipo mphukira zomera pamwamba zithyoka ndi mphepo. Cikhale cosalala ndi copendekeka, kuti madzi a mvula atsetsereke; mtengo utagwa, bwererani kukaseta pamwamba pa citsa. Ndipo khungwa lake lisasendeke kapena kutibulika, popeza mphukira zituruka pansi pa khungwalo. Nkhwangwa yobuntha siingathe kucita zimenezi. Iphwanya khungwa ndi kusiya maenje osunga madzi, m'mene kubvunda kuyambira.

Mphukira zidzaturuka zambiri. Patapita caka cimodzi kapena caka ndi theka, patulirani ndi kankhwangwa, kusiya ziwiri kapena zitatu zoongoka ndi zamphamvu. Chingani mbuzi, ndipo lambulani udzu moto wa m'cirimwe usanafike. Mlimi wogawa munda wake wa mitengo m'zigawo, nadula cigawo cimodzi caka ciri conse, sasowa nsici kapena nkhuni.

Nkhuni za kampopi zidulidwe ndi kuwazidwa m'cirimwe, ndi kuunjikidwa pamalo opita mphepo. Pafupifupi theka la kulemera kwa mtengo wauwisi ndi madzi, ndipo moto uyamba wataya mphamvu poumitsa madziwo usanafunditse balani. Wosonkha nkhuni zouma adula mitengo yocepa.

Iriponso mitengo imene nkhwangwa iyenera kuilambalala. Msangu uyoyola masamba ake nthawi ya dzinja, ndipo cimanga cikondwa pansi pake. Msuku utipatsa zipatso. Mitengo ya m'mbali mwa mitsinje igwira nthaka. Kumbukiraninso kuti Lamulo la za Nkhalango la caka ca 1997 liletsa kudula mitengo m'nkhalango za Boma, monga Dzalanyama, popanda cilolezo. Ndipo m'nkhalango ya mudzi yambani mwafunsa anyakwawa ndi komiti yao.

KUSUNGA NKHWANGWA

Nchito ikatha, pukutani utomoni ndi cinyezi, ndi kupaka mafuta pang'ono pacitsulo. Ngakhale oilo wakale wa galimoto akwanira. Mpini upakeni mafuta a nsatsi kuti usaume ndi kung'aluka. Ipacikeni m'nyumba, posafika ana, ciswe kapena mvula. Musaisiye padzuwa kapena pafupi ndi moto wa balani, cifukwa mpini ufota. Musakhomere zitsulo ndi kumbuyo kwa nkhwangwa ya kusitolo monga ngati nyundo. Ciboo cipindika ndipo mpini sudzagwiranso.

Tsono cimanga cikalowa m'nkhokwe, nchito ya zigafa isanayambe, turutsani nkhwangwa zonse za pakhomo. Yobenthuka ipite kwa wosula, yogwedera ilandire mpini wouma, ndipo zonse zinoledwe. Nyengo ya kubzala mitengo iyamba pa 15 Disembala ndi kutha pa 15 Epulo. Funsani alangizi a kwanu za mbande nthawi ikalipo, kuti pamene citsa cakana kuphuka pabzalidwe mtengo wina.