Nkhani zizikupezani zokha kuchokera ku gwero: dziwani za RSS

Pa 19 May 2021, unduna wa zaumoyo unawotcha katemera wa AstraZeneca wokwana 19,610 pachipatala cha Kamuzu Central ku Lilongwe chifukwa masiku ake ogwirira ntchito anali atatha. Katemerayo anafika m'dziko muno atatsala ndi masabata ochepa kuti athe mphamvu, komanso anthu ambiri ankazengereza kukabayitsa kaamba ka mphekesera zomwe zinkayenda pa WhatsApp ndi Facebook. Nkhani zoona za katemerayo zinalipo pa masamba a mabungwe a zaumoyo, koma zinkachedwa kufika m'foni za anthu. Bodza ndilo linkafika m'mawa kwambiri.

Pali njira yakale ndithu ya pa intaneti yothandiza kuti nkhani zochokera ku gwero zizikupezani msanga. Dzina lake ndi RSS, ndipo ngakhale a foni zamakono ambiri mumzinda wa Mzuzu sanaimvepo.

Taganizirani kuti muli ndi mnyamata wa kabaza amene m'mawa uliwonse amazungulira mzinda. Akwera ku Luwinga kukaona bolodi la zidziwitso la ku Mzuni, atsikira kuchipatala chachikulu, adutsa ku khonsolo, kenako n'kubwera kudzakuuzani zokhazo zomwe zamatidwa kumene. Zakale sabwereza, ndipo sawonjezera zake. RSS imagwira ntchito chimodzimodzi.

Tsamba la pa intaneti lomwe lili ndi RSS limasunga kafayilo kakang'ono kotchedwa feed. M'kafayiloko mumakhala mndandanda wa nkhani zaposachedwa: mutu wa nkhani, tsiku ndi nthawi yomwe yatuluka, linki yake, ndi mawu ochepa oyambirira kapena nkhani yonse. Akonzi akangoika nkhani yatsopano, kafayiloko kamasintha kokha. Mbali yanu n'kuika pa foni kapena pa kompyuta pulogalamu yowerengera, yomwe pachingerezi amati feed reader, n'kuipatsa maadiresi a masamba omwe mumawakhulupirira. Pulogalamuyo imakasuzumira mafayilo aja pafupipafupi, mwina ola lililonse, n'kukubweretserani zatsopano pamalo amodzi, zitandandalikidwa malinga ndi nthawi yomwe zatuluka.

Apa ndiye pagona kusiyana ndi Facebook. Kumeneko zomwe mumaona zimasankhidwa ndi ndondomeko ya kompyuta yotchedwa algorithm, yomwe imakankhira patsogolo zinthu zomwe anthu akukangana nazo kapena kuseka nazo kwambiri. Chenjezo la kolera lochokera ku ofesi ya zaumoyo likhoza kukwiririka pansi pa makanema a ukwati ndi mikangano ya mpira. Mu January 2018 kampaniyo inalengeza poyera kuti iyamba kuonetsa kwambiri zolemba za abale ndi anzanu kusiyana ndi za nyumba zofalitsa nkhani, ndipo mu August 2023 inatsekeratu nkhani za atolankhani ku Canada chifukwa chosagwirizana ndi lamulo latsopano la dzikolo. Mwini bwalo akasintha maganizo, wowerenga alibe chonena. Pa RSS palibe woima pakati: chomwe tsamba latulutsa ndi chomwe chikufikani.

Luso limeneli linayamba mu March 1999 ku kampani ya Netscape ku America, chaka chomwe Mzuni inalandira ophunzira ake oyamba. Katswiri wina, Dave Winer, analikonzanso mpaka kutulutsa RSS 2.0 mu 2002, ndipo mu December 2005 kunakhazikitsidwa mtundu wina wofanana nawo wotchedwa Atom. Mapulogalamu owerengera amamva mitundu yonseyi, choncho musavutike nayo mutu. Mbiri yake inafika pachimake ndi Google Reader, yomwe inayamba mu 2005, koma Google inaitseka pa 1 July 2013. Ambiri anati RSS yafa. Sinafe ayi. Aliyense womvera ma podcast amaigwiritsa ntchito osadziwa, poti mapulogalamu ambiri a podcast amadziwa kuti gawo latsopano latuluka kudzera mu feed yomweyi.

Amene angapindule kwambiri ku Mzuzu kuno ndi a zaumoyo ndi ophunzira. Tsamba la PubMed, nkhokwe yaulere ya kafukufuku wa zamankhwala ya boma la America, limalola munthu kusandutsa funso lake kukhala feed. Namwino wa pa Mzuzu Central kapena wophunzira wa ku St John of God akhoza kulemba mawu monga "cholera Malawi" m'bokosi lofufuzira, n'kudina pomwe palembedwa kuti Create RSS, n'kukopera adiresi yomwe yatulukayo mu pulogalamu yake. Kuyambira pamenepo, kafukufuku watsopano aliyense wokhudza mutuwo azimupeza yekha, kuphatikizapo wa mu Malawi Medical Journal, yomwenso imalembetsedwa mu PubMed. Kwa amene anaona kolera wa 2022 mpaka 2023, yemwe anayamba ku Machinga n'kufika ku Nkhata Bay, Rumphi ndi Karonga ndipo anapha anthu oposa 1,700 m'dziko lonse, kumva msanga za njira zatsopano zothandizira odwala si nkhani yamasewera.

Tsamba la ReliefWeb, lomwe limayendetsedwa ndi nthambi ya United Nations yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, nalonso limapereka feed ya dziko lililonse. Ya Malawi imasonkhanitsa malipoti a madzi osefukira, njala ndi miliri. Ku Mzuni, komwe moto unawononga laibulale ndi mabuku pafupifupi 45,000 pa 18 December 2015, kufunika kwa zowerenga za pa intaneti sikusowa wofotokozera, ndipo magazini ambiri a sayansi ali ndi feed yolengeza kope latsopano.

Poyamba pake n'posavuta. Pa foni ya Android mukhoza kuika Feedly, Inoreader kapena Feeder. Pa iPhone pali NetNewsWire, yomwe ndi yaulere. Feedly imalola masamba okwana 100 osalipira kanthu, omwe ndi ochuluka kale kwa munthu mmodzi. Kawirikawiri mukangolemba adiresi ya tsamba, pulogalamu imapeza yokha feed yake. Ikalephera, yang'anani kachizindikiro ka mtundu wa lalanje kokhala ndi kadontho ndi timizere tiwiri tokhota, ngati ka WiFi kopendekeka. Kakapanda kuoneka, yesani kuwonjezera /feed kumapeto kwa adiresi. Njira imeneyi imagwira pa masamba omangidwa ndi WordPress, omwe ndi oposa 40 pa 100 alionse padziko lapansi, ndipo ambiri a nkhani ndi a mabungwe a kuno kwathu ali m'gulu lomwelo.

Nanga deta? Mawu okhaokha sadya zambiri. Chomwe chimamaliza bandulo mukatsegula tsamba lathunthu ndi zithunzi, makanema ndi malonda. Mapulogalamu ngati Feeder amasunga nkhani m'foni, kotero mukhoza kuzikoka pomwe pali WiFi ya kusukulu kapena kuntchito n'kukawerengera kunyumba ku Chibavi kapena Mchengautuwa ngakhale netiweki itavuta. Koma dziwani ichi musanakhumudwe: bandulo ya WhatsApp kapena ya Facebook yokha, yomwe ambiri timagula kwa Airtel ndi TNM poti ndi yotsika mtengo, siyendetsa pulogalamu yowerengera. Pafunika bandulo ya intaneti yonse. Mwa ine, ichi n'chimodzi mwa zifukwa zomwe Amalawi ambiri, akamati intaneti, amatanthauza mapulogalamu awiri okhawo.

Vuto lina lili kwa olengeza. Maofesi ambiri amajambula kalata yosainidwa n'kuiponya pa Facebook, tsamba lawo lenileni n'kukhala miyezi osaikapo kanthu. Kalata yotereyi RSS siingaione, chifukwa Facebook inasiya kupereka ma feed kalekale. Chithunzi cha kalata n'chosavutanso kuchipeka: aliyense wodziwa kusintha zithunzi akhoza kuikapo mawu ake pansi pa chizindikiro cha boma, monga takhala tikuonera maofesi akutsutsa makalata abodza. Ofesi itamaika chilengezo pa tsamba lake kaye, kenako n'kugawa linki, mtolankhani wa wailesi ya m'dera ndi mlangizi wa zaumoyo akhoza kuchilandira mkati mwa ola ndipo angadziwe komwe chachokera. Komanso pafupifupi zonse zomwe mungalondole zili m'Chingerezi. Za m'Chichewa n'zochepa, za m'Chitumbuka ndiye zosowa.

RSS siyesa ngati nkhani ndi yoona. Mukaipatsa tsamba la mabodza, izikutulirani mabodzawo mokhulupirika ola lililonse. Choncho ntchito yosankha magwero ndi yanu, ndipo ndi bwino kuyamba ndi asanu kapena asanu ndi limodzi, poti mukalembetsa 50 tsiku limodzi mudzadzuka kuli nkhani mazana zosawerengedwa n'kugwa ulesi. Mukadzafuna kusintha pulogalamu, mndandanda wanu wonse umatuluka m'fayilo imodzi yotchedwa OPML, yomwe pulogalamu inayo imailandira osafunsa zambiri.